Bridge: 6♠, ma trump agawika 4-0: nditsirize ma trump kapena ndiyambe madayamondi?

Kamtedza

Moni nonse. Ndabwera ndi dzanja la masewera a makadi a bridge, la slam (lonjezo lodya ma trick 12 mwa 13, masipedi ndiwo ma trump), lomwe limaoneka lofewa dummy (mnzake wa declarer, amene makadi ake amakhala poyera) akangoyala makadi, koma limalimba pa trick yachiwiri (trick ndi ulendo umodzi woponya, aliyense khadi limodzi). Ndi mpikisano wa matimu, kuwerenga kwake n'kwa ma IMP (mapointi ochokera pa kusiyana kwa zotsatira za matebulo awiri). Mbali ya declarer (amene akusewera kuti akwaniritse lonjezolo, lotchedwa contract) ili vulnerable (mphotho ndi chilango chake n'zokwera), otsutsa ayi. Wogawa makadi ndi Wakumwera.

Wakumpoto, dummy:
♠ K J 8 3
♥ J 5
♦ A 9 6 4
♣ K 10 4

Wakumwera, declarer:
♠ A Q 10 9 6
♥ A 4
♦ K Q 5
♣ A J 3

Bidding (kutchula malonjezo makadi asanayambe kuponyedwa) inayenda motere: 1♠, 2NT ya Jacoby (yosonyeza dzanja lamphamvu lothandiza pa masipedi), 3♠, 4♠, 4NT, 5♥, 6♠. Otsutsa onse awiri anangoti pass kuyambira poyamba mpaka pomaliza.

Wakumadzulo watulutsa ♥K, Wakum'mawa waponya ♥7, declarer wadya ndi ♥A. Pa trick yachiwiri declarer waponya ♠A, ndipo Wakumadzulo alibe sipedi ngakhale imodzi, wataya ♥6. Ndiye kuti Wakum'mawa anayamba ndi ♠7 5 4 2.

Ma trick oonekeratu alipo 11: masipedi 5, hati 1, madayamondi 3, makilabu 2. Funso langa lili pawiri. Kodi ndichotse ma trump onse anayi a Wakum'mawa, podziwa kuti dummy atsala wopanda trump, kapena ndimusiyire imodzi n'kuyamba madayamondi? Chachiwiri, zikafika poti ♣Q iyenera kusakidwa, ndi zizindikiro ziti zodalirika? Ndikupempha dongosolo lenileni, khadi ndi khadi.

MayiNangozo

A Kamtedza, zikomo chifukwa cha dzanja labwinoli. Ndiyambe ndi zimene zikanachitika ma trump akanagawika bwino, chifukwa njira yanga ya pa 4-0 ikuchokera pomwepo.

Ma trump anayi akakhala kunja amagawika 2-2 pa 40.7%, 3-1 pa 49.7%, ndipo 4-0 pa 9.6%. Pa 2-2 ndi pa 3-1 contract imeneyi siingagwe, ndipo ♣Q simufunika kuisaka n'komwe. Mumachotsa ma trump, n'kuponya ♦K, ♦Q, ♦A. ♦9 ikasanduka yodya mumatayirapo ♥4. Ikapanda kutero mumaidula m'manja, n'kutulutsa ♥4. Wakumadzulo ayenera kudya ndi ♥Q, apo ayi ♥J ya dummy idya. Akadya alibe kothawira: akatulutsa kilabu wakupezerani kwini yekha, akatulutsa hati kapena dayamondi mumadula ku dzanja limodzi n'kutaya kilabu ku linalo. Zonsezi zikutheka chifukwa manja onse awiri atsala ndi trump.

N'chifukwa chake ♥K siiyenera kulekereredwa pa trick yoyamba. Ena amailekerera pofuna kukonzekera squeeze (kufinya wotsutsa kuti ataye khadi lofunika), koma Wakumadzulo akangopitiriza ndi ♥Q, ♥J imafera pansi pake, ndipo ♥4, khadi lomwe mukanamulowetsa nalo pamapeto, lapita kale. Declarer anachita bwino kudya.

Tsopano pa 4-0. Mwayi wathu ndi wakuti ma trump ali kwa Wakum'mawa pomwe ♥Q ili kwa Wakumadzulo. Amene tikufuna kumulowetsa alibe trump yoti athawire. Akanakhala kuti ma trump anayiwo ali kwa Wakumadzulo, zimene ndikunenazi sizikanagwira ntchito, chifukwa akanangotulutsa trump yake yotsalayo n'kupuma. Ndiye endplay ija (kulowetsa wotsutsa kuti atulutse khadi lotithandiza) ingachitikebe ngakhale trump imodzi ili kunja:

Trick 3, ♠6 kupita ku ♠8. Trick 4, ♠K, m'manja muponye ♠9. Dummy atsala ndi ♠J, inu ♠Q 10, Wakum'mawa ♠7. Kusunga ♠J ku dummy n'kofunika, chifukwa mungathe kudya trump yomaliza mbali imene mwafuna: ♠10 pansi pa ♠J, kapena ♠Q pamwamba pake. Kenako ♦4 kupita ku ♦K, ♦Q, ♦5 kupita ku ♦A.

Madayamondi akagawika 3-3, muli kale ku dummy: ♠J ichotse trump yotsala, ♦9 itaye ♥4, basi. Wakum'mawa akapezeka ndi madayamondi anayi kapena kuposa, dulani ♦9 ndi ♠10, tulutsani ♥4. Wakumadzulo adya ndi ♥Q ndipo watsala ndi mahati ndi makilabu okha. Akabweza hati, dulani ndi ♠J, yomwe ♠7 siingaipose, tayani ♣3, bwerani m'manja ndi ♣A, chotsani trump ndi ♠Q, ♣K idye yomaliza. Akabweza kilabu, ponyani yaing'ono ku dummy ndipo makilabu atatu ndi anu.

Choopsa n'chimodzi chokha: Wakum'mawa akakhala ndi madayamondi awiri kapena ochepera, adula ndi ♠7, abweza hati kwa mnzake, ndipo mwagwa.

Chiwerengero

Mayi Nangozo, njira yanuyi ndi yokongola ndipo khadi lililonse lili m'malo mwake, koma choopsa mwachitchula pamapetocho n'chachikulu kuposa mmene chikumvekera. Tiyeni tichiyeze.

Timadziwa makadi anayi a Wakum'mawa, masipedi aja, ndi awiri a Wakumadzulo, ♥K ndi ♥Q. Malo otsala m'manja mwa Wakumadzulo ndi 11, mwa Wakum'mawa ndi 9. Madayamondi 6 ali kunja, J 10 8 7 3 2, ayenera kugawika m'malo 20 amenewo. Zotuluka zake ndi izi, powerenga madayamondi a Wakum'mawa:

alibe: 1.2%
imodzi: 10.7%
awiri: 30.7%
atatu: 35.8%
anayi: 17.9%
asanu kapena 6: 3.8%

Njira yosiya trump kunja imafuna atatu kapena kuposa, ndiye ili pa 57.4%. Muwonjezerepo 2% ya pomwe Wakum'mawa ali ndi J 10 zokha, zomwe zimagwa pansi pa ♦K ndi ♦Q, mufika pa 59%. Vuto lake n'lakuti ikalephera imalepheratu, palibe mwayi wachiwiri.

Tsopano njira yosavuta: kuchotsa ma trump onse, ♠A, ♠8, ♠K, kenako ♠J kuipitirira ndi ♠Q kuti mukhale m'manja, mutatsala ndi ♠10. Ponyani ♦K ndi ♦Q, musunge ♦5 yoti muitulutse molunjika ku A 9 ya dummy. Anthu ambiri amangoona 3-3, koma ♦9 ili ndi mipata yambiri kuposa pamenepo. J 10 zokha mbali iliyonse zimagwa. Wakum'mawa akakhala ndi J yokha kapena 10 yokha, imagwa pa ♦K, iye n'kusowa dayamondi pa ♦Q, ndipo finesse ya ♦9 (kuponya ♦9 m'malo mwa ♦A, podalira kuti khadi loiposa lili kwa Wakumadzulo) imakhala yotsimikizika. Akakhala ndi J kapena 10 ndi kakang'ono kamodzi, khadi lalikululo limagwa pa ♦Q, ndipo finesse ya ♦9 imadya.

Pomalizapa pali chisankho. Wakum'mawa waponya ♦10 pa ulendo wachiwiri, Wakumadzulo waponya yaing'ono pa ulendo wachitatu. Kodi Wakum'mawa anali ndi 10 ndi kamodzi, kapena J 10 ndi kamodzi? Choyambacho, mukaphatikiza J ndi kamodzi, chili pa 16.3%. Chachiwiricho chili pa 7.2%. Ndi mfundo ya restricted choice (khadi lalikulu likagwa, kawirikawiri mwini wake analibe lina lofanana nalo loti asankhe), ndipo finesse ikupambana kuposa kawiri. Koma apa musathamange nayo mfundoyo, chifukwa zotsatira zake n'zosiyana. Finesse ikalephera, hati ibwera nthawi yomweyo ndipo mwagwa. Mukakwera ndi ♦A n'kupeza kuti mwalakwa, makilabu akadalipo. Finesse ikupatsani 16.3. Kukwera ndi esi kukupatsani 7.2 kuphatikiza theka la 16.3, zomwe ndi 15.3. Kusiyana kwake n'kochepa kwambiri moti chigamulo chiyenera kuchokera ku makadi amene Wakumadzulo wataya, osati ku masamu okha.

Kuphatikiza zonse, potenga njira ya finesse: madayamondi amapereka trick ya 12 pa 51.8%, amakugwetsani pa 7.2%, ndipo pa 41% yotsalayo mumakasaka ♣Q. Ngakhale mutangoponya ndalama m'mwamba kuti musankhe mbali, theka la 41 ndi 20.5. Zonse pamodzi zikupitirira 72%.

Ndiye 72 kuyerekeza ndi 59. Pa ma IMP kusiyana kumeneku si kwamasewera. 6♠ ya vulnerable ndi 1430. Mukagwa ndi imodzi pomwe tebulo linalo apanga slam, ndi 1530, kapena kuti ma IMP 17. Ngakhale linalo litaima pa 4♠ n'kupeza 680, kugwa kumatayitsa 13 ndipo kupanga kumabweretsa 13. Trick yowonjezera ndi IMP imodzi yokha, isalowe m'maganizo.

MayiNangozo

A Chiwerengero, masamu anuwo ndawatsatira ndipo ndi olondola. Koma siziyenera kukhala njira ziwiri zokha. Bwanji kuchotsa ma trump atatu, kuponya ♦K ndi ♦Q zokha, n'kuona zimene zagwa? Wakumadzulo akasowa dayamondi, kapena akagwetsa J kapena 10, ndiye kuti Wakum'mawa ali ndi atatu kapena kuposa, ndipo endplay ndi yotsimikizika. Zikagwa zing'onozing'ono zokha, kapena chachikulu chikagwa kwa Wakum'mawa, ♠Q ichotse trump yotsala n'kubwerera ku njira yanu. Ndi chifukwa chinanso chosungira ♠J ku dummy ndi Q 10 m'manja.

Chiwerengero

Imeneyo ndi yabwino kwambiri kuposa yoyamba ija, mayi, ndipo yatsala pang'ono kufanana ndi yochotsa onse. Imapindula pawiri: Wakumadzulo akakhala ndi J kapena 10 ndi kamodzi, 9.5%, ndiponso akakhala ndi dayamondi imodzi kapena alibe, 3.8%. M'malo amenewa njira yanga imapambana theka lokha, ndiye phindu lanu ndi pafupifupi 6.7. Imataya pamene Wakum'mawa ali ndi imodzi kapena alibe, 11.9%, pomwe njira yanga ikanapulumutsapo pafupifupi 7.8. Ikutsalira ndi peresenti imodzi. Komanso Wakumadzulo wochenjera wokhala ndi J 10 ndi tiwiri angagwetse J pa ulendo wachiwiri dala, kuti muponye dayamondi yachitatu trump ikadali kunja. Si ambiri angaganize zimenezo pa tebulo, koma alipo.

Jekiwahati

Akuluakulu, ziwerengero zonsezi zikutenga Wakumadzulo ngati munthu amene sitinamumve. Koma tamumva: anati pass pambuyo pa 1♠, ali wosakhala vulnerable, otsutsana naye ali vulnerable, iye alibe sipedi ndipo ali ndi ♥K Q. Kukhala chete kwa munthu wotere kumanena zambiri.

Mapointi a makadi akuluakulu (A 4, K 3, Q 2, J 1) a mbali ya declarer ndi 32, ndiye kunja kuli 8 okha: ♥K, ♥Q, ♦J, ♣Q. Wakumadzulo akanakhala ndi mahati 6 kapena 7, osewera ambiri amasiku ano akanalumpha 3♥. Akanakhala ndi mahati asanu ndi dayamondi kapena kilabu asanu, ambiri akanati 2♠ ya Michaels. Akanakhala ndi madayamondi asanu ndi makilabu asanu, 2NT. Sikuti aliyense amalowa ndi mapointi ochepa chonchi, ndipo ndi bwino kufunsa kapena kuyang'ana pa convention card yawo (pepala la mapangano awo). Koma ngati ali a mtundu wolowerera, manja otsala ndi ochepa. Ndi mahati asanu, dzanja lake likhala 0-5-4-4 basi (masipedi, mahati, madayamondi, makilabu). Ndi mahati anayi, 0-4-4-5, 0-4-5-4, 0-4-3-6 ndi ena ocheperapo.

Taonani zimene zikutuluka. Choyamba, madayamondi anayi kwa Wakumadzulo akwera mwayi, ndiye kuponya dayamondi yachitatu trump ili kunja kwaipiraipira. Chachiwiri, pa manja ambiri amenewa Wakumadzulo ali ndi makilabu anayi kapena kuposa mwa 7 amene ali kunja. Kwini akhala kumene kuli makilabu ambiri.

Chifukwa china chochotsera ma trump onse sichilowa m'masamu a a Chiwerengero. Wakumadzulo ayenera kutaya makadi kanayi, dummy ali poyera ndi ♦A 9 6 4. Ngati ali ndi madayamondi anayi, sangataye ngakhale imodzi. Ngati ali ndi atatu ang'onoang'ono, dayamondi ndi khadi lotsika mtengo kwa iye ndipo kawirikawiri amaitaya pa ulendo wachiwiri kapena wachitatu. Apa ndi pomwe chisankho chija cha ♦9 kapena ♦A chimathera. Wakum'mawa wagwetsa ♦10, Wakumadzulo wataya kanayi osakhudza dayamondi: ine ndiponya ♦9. Mu dzanja lomwe finesse imalephera, Wakumadzulo amakhala ndi timadayamondi titatu topanda ntchito, ndipo n'zovuta kukhulupirira kuti anatisunga tonse n'kumataya mahati odya.

Tsopano gawo limene ambiri amaliphonya. Tinene kuti madayamondi akana: mwaponya ♦K, ♦Q, ♦A, wina ali ndi ♦J. Muli ku dummy ndi makadi asanu. Dummy ali ndi ♥J, ♦9, ♣K 10 4. Inu muli ndi ♠10, ♥4, ♣A J 3. Musakhudze makilabu. Dulani ♦9 ndi trump yanu yomaliza. Zimaoneka zoopsa kutaya trump yomaliza hati ili poyera, koma taonani makadi anayi otsala: dummy ♥J ndi ♣K 10 4, inu ♥4 ndi ♣A J 3, ndipo mukufuna atatu.

Wakumadzulo ali ndi ♥Q ndi makadi ena atatu. Ngati atatuwo ndi makilabu, tulutsani ♥4. Adya, ndipo ayenera kutulutsa kilabu, kwini akhale kuli konse. Endplay ija yabwera ngakhale ma trump atha. Kuti aizembe ayenera kusunga hati yachiwiri, kutanthauza makilabu awiri okha kapena ochepera. Ndiye ngati kwini ali kwa iye, watsala ndi kamodzi kokha komuteteza ndipo agwa pansi pa K ndi A.

Ena angafune kuponya trump yachisanu asanaponye ♦A, kuti afinye Wakumadzulo m'mitundu itatu. Zimamufinyadi, koma zimapha throw-in (endplay ija), chifukwa mukamulowetsa ndi ♥Q adyanso ♦J. Kudula ♦9 kumachotsa ♦J m'manja mwake, ndipo kumamupatsa mpata wolakwitsa: wosewera wamba wokhala ndi ♣Q ndi tiwiri amaumirira kusunga atatuwo n'kutaya mahati onse mpaka ♥Q itatsala yokha.

Ntchito yanu kuyambira trick yoyamba ndi kuwerenga mahati. Ali 9 kunja: K Q 10 9 8 7 6 3 2. Lililonse likagwa lichotseni pa mndandanda. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo dzanja ili limafuna kuti muone makadi onse mpaka trick 9 musanasankhe kanthu. A Kamtedza, tipatseni makadi amene anatayidwa, motsatana mmene anagwera.

Kamtedza

Zikomo nonse. Nawa, potsata njira yochotsa ma trump onse. Wakumadzulo anataya ♥6, ♥8, ♣2, ♣6, motsatana choncho. Pa ♦K anaponya 2, Wakum'mawa 3. Pa ♦Q anaponya 7, Wakum'mawa 8. Pa ♦5 Wakumadzulo anaika ♦10, dummy ♦A, Wakum'mawa anataya ♥2. Pa ♦9 Wakum'mawa anataya ♥3, declarer anadula, Wakumadzulo ♦J. Pa convention card yawo, K yotulutsidwa pa slam imapempha mnzake kuonetsa chiwerengero, ndipo khadi lokwera limatanthauza kuti ali ndi awiri, anayi kapena 6. Apa ndi ♥4 kapena makilabu? Ngati ndi makilabu, mbali iti?

Jekiwahati

Tiwerenge. Mahati amene agwa ndi K, 7, 6, 8, 2, 3. Atsala Q, 10 ndi 9. Makilabu amene agwa ndi 2 ndi 6 okha, atsala Q 9 8 7 5. Aliyense ali ndi makadi anayi, palibe sipedi, palibe dayamondi. Ndiye pali njira zitatu zokha: Wakumadzulo ali ndi ♥Q yokha ndi makilabu atatu, kapena mahati awiri ndi makilabu awiri, kapena mahati atatu ndi kilabu imodzi.

Yoyambayo ikutanthauza kuti Wakum'mawa anayamba ndi ♥10 9 7 3 2. Amenewo ndi asanu, ndipo akanaponya 2 pa trick yoyamba, osati 7. Yachitatuyo ikutanthauza ♥7 3 2, atatu, akanaponyanso 2, ndipo Wakumadzulo akanakhala ndi K Q 10 9 8 6 osalankhula, zomwe n'zokayikitsa. Yapakatiyo ikugwirizana ndi zonse: Wakum'mawa mahati anayi, Wakumadzulo 0-5-4-4, dzanja lomwe lija bidding inalozera. Zoona, otsutsa amatha kunama pa chizindikiro polimbana ndi slam, koma pa trick yoyamba sizichitika kawirikawiri, chifukwa Wakumadzulo afunika kudziwa ngati ♥Q yake idzadya, ndipo Wakum'mawa sanadziwe kanthu za dzanja la declarer.

Choncho ♥4 ayi. Mukaitulutsa Wakumadzulo adya mahati awiri. Tatsala ndi makilabu: Wakumadzulo ali ndi awiri mwa anayi amene anayamba nawo, Wakum'mawa ali ndi atatu ake onse. Musanyengeke ndi chiwerengero cha panopa n'kumati atatu aposa awiri. Kwini sanasamuke chiyambire kugawidwa kwa makadi, ndipo palibe akanamutaya. Chowerengera ndi mmene anayambira, anayi kwa atatu, kapena kuti 57% kwa Wakumadzulo.

Kenako pali dongosolo la katayidwe. Wakumadzulo anayamba ndi mahati, makadi oti akanatha kudya, ndipo makilabu anawakhudza mochedwa, n'kuima pa awiri ndendende. Munthu wokhala ndi makilabu anayi opanda kanthu nthawi zambiri amayamba ndi iwowo, chifukwa sakumupweteka. Amene amazengereza ndi amene ali ndi kanthu koteteza, n'kudzazindikira pa ulendo wachitatu kuti akapanda kusunga hati yachiwiri aponyedwa m'kati. Zimenezi zikuwonjezera pa 57 ija.

Mbali inayo ilinso ndi mfundo yake ndipo siiyenera kubisidwa. Wakum'mawa anataya mahati awiri osakhudza kilabu. Akakhala ndi Q ndi tiwiri, sakanachitira mwina. Akakhala ndi titatu topanda ntchito, wosewera wosazolowera amatayako kamodzi, pomwe wodziwa amatisunga tonse kuti asaulule mnzake. Ndiye muyese msinkhu wa anthu muli nawo pa tebulo. Awa ali ndi mgwirizano wa chiwerengero pa slam, ndipo Wakumadzulo waizemba throw-in mwaluso, ndiye ndi odziwa. Kwa anthu otere kusataya kilabu kwa Wakum'mawa sikunena kanthu, ndipo ine ndisewera kuti kwini agwe.

Ngati Wakumadzulo anaima nthawi asanataye ♣2 kapena ♣6, malamulo a duplicate (bridge ya mipikisano), pa Lamulo 73, amalola declarer kutengapo phunziro pa kuzengereza kwa wotsutsa, koma zikalakwika mlandu ndi wake. Pa intaneti ndisamale nazo kwambiri, poti kuchedwa kungakhale kwa netiweki chabe.

MayiNangozo

Ndikugwirizana ndi a Jekiwahati pa chigamulo, ndiwonjezere za kaponyedwe kake. Yambani ndi ♣3 kupita ku ♣K. Ngati chiwerengero chalakwika ndipo Wakumadzulo watsala ndi kwini yekha, aonekera pomwepo. Kenako tulutsani ♣4 ku dummy, osati ♣10. Wakum'mawa akatsatira ndi yaing'ono, chisankho chikadali m'manja mwanu mpaka mphindi yomaliza: ♣A ngati mukuti kwini ali kumadzulo, ♣J ngati mwasintha maganizo. Mukaponya esi kwini n'kugwa, ♣J ndi trick ya 12 ndipo hati yomaliza muwapatsa.

Chenjezo limodzi. Pali kachenjerero kakale kotulutsa ♣J m'manja kuti Wakumadzulo akopeke kuiphimba ndi kwini, ndipo akapanda kutero mumakwera ndi K n'kuchita finesse mbali inayo ndi 10. Kameneka kamafuna kuti mukhale ndi ♣9, ndipo pano mulibe. Mukawononga J pansi pa K, n'kutulutsa ♣10, Wakum'mawa wokhala ndi Q 9 angoiphimba, esi idya, ndipo ♣3 ndi ♣4 zanu zigonja kwa ♣9. Mungatulutse ♣J pokhapokha mutatsimikiza kale kuti finesse ya kum'mawa simuifunanso, koma pamenepo palibenso chimene ikuwonjezera, popeza K ndi A zigwetsa kwini yemweyo.